Khofi wa Pansi pa Bondo

1

Lolemba, pa 9 Febuluwale 1959, itangokwana naini koloko m'mawa, amuna atatu ovala makhothi otuwa adalowa m'bwalo la mzikiti wa m'dera lathu la Diwaniyya natenga mlendo wathu, Ilaz. Adamtenga sowo ili m'manja, utuchi uli m'tsitsi. Isanathe sabata, Aarnauti onse, ndiye kuti ife Aalubaniya a mu Damasiko, adali atamva kuti kalata yomupereka idachokera m'nyumba mwathu.

M'nyumbamo tidalimo anthu anayi. Ababa, a Zenun, a zaka 64. Azakhali a Fetije, mlongo wawo wa ababa, amasiye. Mng'ono wanga Lutfije, wa zaka 21. Ndi ine Sadete, wa zaka 27, mphunzitsi pasukulu ya atsikana, wosakwatiwa, amene amayi a m'dera lathu adali atasiya kale kumufunira mwamuna.

Mmodzi mwa anayife adagulitsa mlendo amene adadya buledi wa pakhomo pathu. Kwathu kupha munthu kumakhululukidwa akulu akakhalirana pansi. Kugulitsa mlendo ayi.

Ndifotokoza motsata masiku, chifukwa masiku ndiwo sindidawaiwale.

2

Ababa adathawa ku Kosovo mu 1913, nkhondo itapsereza midzi. Iwo ndi azakhali adayenda pansi mpaka kunyanja, nakwera sitima, nafika kuno pamodzi ndi mabanja ena. Adamanga pakati pa minda, kunja kwa mzinda wakale. Ife ana tidabadwira konkuno: Chiarabu pamsewu, Chialubaniya m'nyumba. Aarabu ankatiseka kuti timadya buledi wa chimanga ngati nkhuku, ife nkumawaseka kuti buledi wawo ngwopyapyala ngati mpango.

Lachisanu lililonse akatuluka mu mzikiti, amuna ankasonkhana mu oda ya ababa, chipinda cha alendo, poti chathu ndicho chidali chachikulu. Akazi sitinkalowamo. Ntchito yanga idali kulandira makhothi pakhomo ndi kupereka thireyi pakazenera kochokera kukhitchini.

Pa 5 Disembala 1958, a Haji Rustem, mkulu wa dera lathu, adabwera ndi munthu wamtali wa zaka ngati 30.

"Ndakubweretserani mphepo ya kwathu," adatero. "Mmisiri wa matabwa uyu. Wadzera ku Turkey, ngati onse amene akutuluka masiku ano. Akugona kachipinda ka kumzikiti."

"Ndiwe mwana wa yani?" adafunsa ababa.

"Ndine Ilaz, mwana wa Murat, mdzukulu wa Avdyl wa pachigayo."

Ndinkasuzumira pakazenera. Mikanda ya mapemphero idasiya kuyenda m'zala za ababa. Kenaka idayambanso.

"Walandiridwa," adatero. "Sadete, buledi ndi mchere."

Thireyi idabwerera. Onse adali atanyema, kupatula mbali ya mlendo. Kakapu kake ka khofi kadali kodzaza, kozizira.

3

Lachisanu lachiwiri zidali chimodzimodzi. Lachitatu chimodzimodzi. Ankati m'mimba simuli bwino. Koma mkazi wa a Haji adandiuza kuti kwawo munthu yemweyo adamaliza mbale ziwiri za nyemba nkupukuta ndi chala.

"Azakhali, buledi wanga ali ndi chiyani?"

"Ngwouma ngati chidendene chako. Nchifukwa chake ulibe mwamuna."

"Ena onse akudya."

"Enawo alibe mano, amangomeza."

"Azakhali, Avdyl wa pachigayo ndi ndani?"

Adasiya kusenda anyezi. Adayang'ana kukhomo, nayang'ana kuzenera, nandikokera pafupi.

"Iwe ndi sukulu yakoyo sudziwa kanthu. Munthu amene ali ndi magazi pakhomo panu sadya buledi wanu. Akangodya, dzanja lake lamangidwa, sangawombenso. Wamva tsopano?"

"Magazi a yani?"

"Seputembala wa 1912. Mvula idakana. Madzi a m'ngalande ankagawana kwa maola, ndipo Avdyl adatseka athu nthawi yathu isanathe. Abambo akowa adali ndi zaka 17 ndi mfuti ya malemu atate athu. Chipolopolo chimodzi, Avdyl adafera pomwepo. Murat, atate wake wa mlendoyu, adali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Adakula wopanda womubwezera, poti ife nkhondo idatimwaza. Moyo wake wonse amuna anzake ankamupatsira khofi pansi pa bondo."

"Pansi pa bondo?"

"Munthu wopanda ulemu sapatsidwa kapu m'manja ngati mwamuna. Amaipititsa ndi dzanja lamanzere, kunsi kwa bondo, onse akuona. Palibe amanena kanthu. Wamwalira chaka chatha, ndiye mwana wake uyu."

"Zaka 46, azakhali!"

"Mlandu suwola, mwana iwe. Senda anyeziyo."

Lachisanu lotsatira, pa 26 Disembala, ndidalandira chikhothi cha Ilaz ndi manja awiri. Thumba la kumanja lidalemera. Ndidapisamo dzanja. Chitsulo chozizira.

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, ndidawapeza ababa akunola khasu.

"Ababa, munthu uja ali ndi mfuti."

"Ndikudziwa."

"Ndiye mukumulowetseranji?"

"Nyumba ino si yanga. Ndi ya Mulungu ndi mlendo. M'nyumba muno sangandiwombere."

"Nanga panjira?"

"Panjira ndi panjira. Iwe uziika buledi patsogolo pake. Usadumphe Lachisanu ngakhale limodzi."

4

Chomwe chidasokoneza zinthu nchakuti Ilaz sadali munthu woti nkumuda. Ankalankhula mofatsa. Chiarabu sankachidziwa, ndipo adandipempha ndimuphunzitse zilembo. Lachisanu lililonse, pomupatsa chikhothi, ndinkamupatsanso kapepala ka zilembo zinayi. Ankabweza atalemba mosamala ngati mwana wa kalasi yoyamba. Mapepalawo ndinkawasunga m'buku langa la galamala. Ndinkadziuza kuti ndikumuzonda.

Pa 13 Januwale ababa adamuitana kudzakonza zenera la kukhitchini. Adagwira masana atatu, azakhali atakhala pakati ngati mlonda.

"Imwaniko madzi," adatero Lutfije.

"Zikomo, ndilibe ludzu."

"Kodi kwanuko mumadya mphepo? Mwaonda ngati msomali wanuwo."

"Tsiku lomwe ndidzadye pano, mudzatopa nane."

"Mubwere ndi mano achitsulo. Wophika ndi achemwali angawa."

Adaseka. Kadali koyamba kumumva akuseka. Azakhali adamenya Lutfije ndi chopukutira mbale.

"Tseka pakamwa, mbuzi iwe! Ukuseka ndi ndani?"

Lutfije za magazi sankazidziwa. Tidagwirizana ndi azakhali kuti asadziwe.

Pa 30 Januwale, Lachisanu lachisanu ndi chinayi, thireyi idabwereranso chimodzimodzi. Koma ndidamva Ilaz akufunsa ababa, ngati nkhani wamba, kuti kumunda kwawo kwa zipatso amadzera njira iti, ndipo madzi amawatsegula nthawi yanji.

"Lamulungu m'mawa, dzuwa likangotuluka," adayankha ababa. "Ndimadzera kumabulosi. Ndimakhala ndekha."

Lamulungu, pa 1 Febuluwale, ndikupita kusukulu, poti kuno tsiku lopuma ndi Lachisanu, ndidaona ababa akukhota njira ya kumabulosi, khasu paphewa. Kumbuyo kwawo, mtunda woponya mwala, kudali chikhothi chija. Ndidaima pamsewu. Sindidakuwe. Mwana wamkazi wa Zenun sakuwa pamsewu. Ndidaphunzitsa tsiku lonse osamva mawu anga omwe. Pobwerera ndidapeza ababa ali pakhonde akusoka nsapato. Sindidafunse.

Lachiwiri, pa 3 Febuluwale, ndidafika kusukulu mochedwa ndi mphindi makumi awiri. Mu zaka 33 za uphunzitsi wanga ndi tsiku lokhalo limene ndidachedwa.

5

Lachisanu lakhumi, pa 6 Febuluwale, mu oda mudali amuna khumi ndi anayi. Ndidapereka thireyi monga mwa masiku onse.

Ilaz adapisa m'thumba la malaya natulutsa kansalu. Adakamasula, naika chipolopolo pathireyi, pambali pa mchere.

"Ichi anandipatsa ndi bambo anga akumwalira," adatero. "Anati ndichipereke kwa Zenun. Lamulungu ndinaima kuseri kwa mtengo wa mabulosi. Mwambo umati uyambe wamuitana munthu dzina, atembenuke. Ndisanatsegule pakamwa, mkuluyu, osacheuka nkomwe, anati: 'Mwana wa Murat, ukamaliza utseke madziwa, angasefukire m'munda wa eni.'"

Wina adaseka mwamantha, nasiya.

"Ndinaima pamenepo mpaka madzi anakwana. Tinatseka limodzi. Ndiye chipolopolo chanu ndi ichi, a Zenun. Ndapereka monga anandituma."

Adatambasula dzanja, nanyema buledi, natsomphola mumchere, nadya. Adatafuna nthawi yaitali.

"Mtsikana uja sananame," adatero. "Ngwolimba."

Pamenepo amuna adaphulika kuseka, ena akulira. Ababa adadzuka, namukumbatira chipumi pa chipumi. A Haji Rustem adakweza manja, nanena kuti magazi a mu 1912 atha, ndipo wodzawatchulanso adzayankha kwa Mulungu. Asanakhale pansi adawonjezera kuti mmisiriyu wawatuma mawu enanso: akupempha dzanja la mwana wamkazi wa nyumba ino.

"Ndili nawo awiri," adatero ababa.

"Wamng'ono."

Kukhitchini Lutfije adabisa nkhope pachifuwa cha azakhali. Ine ndidatsuka makapu khumi ndi anayi, ndidawapukuta, ndidawatsukanso.

Lolemba adabwera a makhothi otuwa. Pansi pa matiresi a Ilaz adapeza mfuti yopanda chilolezo, ndi mapepala a dziko la Turkey. Zaka zimenezo zinthu ziwirizo zidali zokwanira.

6

A Haji Rustem adayenda masiku anayi kuchonderera ku ofesi ina ya boma imene sitinkaitchula dzina. Tsiku lachinayi bwana wina adatopa nawo, natulutsa pepala, nawawerengera. Sadawaonetse zolembazo, adangowerenga. Kalata yopanda dzina, Chiarabu chabwino. Idati mmisiri wa kumzikiti ndi kazitape, ali ndi mfuti, ndipo "amakhala m'nyumba mwathu Lachisanu lililonse kumvetsera zokamba amuna."

M'nyumba mwathu. Mawu awiri amene wolembayo sadawaone.

Mlungu umenewo m'nyumba mudalowa njoka. Azakhali ankandiyang'ana, ine ndinkayang'ana azakhali. Lutfije ankatiyang'ana tonse. Panjira amayi ankasiya kulankhula tikamadutsa. Ena ankati ndi Fetije, sadafune mdzukulu wa Avdyl pamphasa ya mlongo wake. Ena ankati ndi Zenun yemwe, adanamizira kukhululukirana kuti njoka aiphe ndi ndodo ya boma.

Pa 13 Febuluwale amuna adasonkhana, koma osati kwathu. Adasonkhana kwa a Haji, naitanitsa ababa. Zomwe zidanenedwa ndidazimva kwa mkazi wa a Haji, amene khutu lake silinkachoka pakazenera.

"Zenun, m'nyumba mwako mwatuluka kalata. Ndani?"

"Ndine."

"Iwe sutha kulemba ngakhale dzina lako."

"Pakhomo la bwalo la milandu pali alembi khumi. Ndinauza mmodzi, analemba."

"Unalemba liti? Asanadye kapena atadya?"

"Zili ndi kanthu? Anamutenga atadya."

Khofi atabwera, mwana wa a Haji, bambo wa ana atatu, adazungulira nawo kudzanja lamanja monga mwa mwambo. Atafika pa ababa adasinthira kapu kumanzere, nawerama, naipititsa pansi pa bondo. Ababa adailandira, namwa yonse.

Adamwa khofi wotero zaka khumi ndi ziwiri. Sadaphonye msonkhano ngakhale umodzi. Mu oda yathu simudalowenso mlendo, ndipo azakhali adayamba kuyanikamo tsabola.

Tsiku lomwelo Lutfije adaima pakhomo la chipinda cha ababa.

"Nzoona?"

"Nzoona."

"Munamukumbatira ine ndikuona."

"Ndinamukumbatira."

"Ndidzakuphikirani, ndidzakuchapirani, poti ndinu bambo anga. Koma mawu anga mwawamva komaliza."

Adasunga lonjezo. Ndife Aarnauti, mitu yathu ndi miyala.

A boma adamutulutsa Ilaz pa 17 Juni, namuponya kumalire a Turkey akutsokomola magazi. Adatumiza uthenga umodzi kudzera mwa munthu wa malonda: magazi a agogo ake adakhululuka ndipo sabweza mawu, koma za bulediyo afunse Mulungu. Kwa Lutfije sadatumize kanthu. Mwamuna sakwatira pakhomo pomwe adagulitsidwa. Adamwalira ku Istanbul mu Malichi 1963. Lutfije adakana amuna asanu.

7

Pa 14 Okutobala 1971, masana, ababa ali gone, adatuma azakhali kukaitana Lutfije. Lutfije adabweretsa madzi, nawaika pampando, natuluka.

Tidatsala awiri.

"Sadete, tseka chitseko."

Ndidatseka.

"Lachiwiri lija unachedwa kusukulu. Unadzera kupositi."

Owerenga, kalatayo ndidalemba ndine. Ndidailemba Lolemba pa 2 Febuluwale, nthawi yopuma, papepala la m'kope la mwana wasukulu. Mawu oti kazitape ndidawapeka ndekha, podziwa kuti za magazi a mu 1912 boma silikadazilabadira. Ndidaiponya Lachiwiri m'mawa.

"Munadziwa liti, ababa?"

"Haji asanamalize kufotokoza. M'nyumba muno wolemba Chiarabu chabwino ndi mmodzi. Ndinakulipirira sukulu ndine."

"Bwanji simunanene?"

"Mutu ukakula sulewa nkhonya. Ndiponso ine ndinayamba, ndi madzi aja." Adapuma. "Mng'ono wako akada ine, ali ndi mkulu wake. Akada iwe, ine ndikapita atsala ndi yani?"

"Ndimuuza lero."

"Ndikadali moyo ayi. Khofi ndinamwa kale, usanditayire pachabe."

Adamwalira m'mawa mwake. Lutfije adasoka nsalu ya maliro ndi manja ake, koma kumanda sadapondeko, ngakhale pa tsiku la chikondwerero limene mabanja onse amapita kukathira madzi pamitumbira. Mpaka lero.

Ababa adafa akukhulupirira kuti ndidalemba chifukwa cha mantha, kuti ndiwapulumutse. Nzoona, koma ndi theka. Theka linalo ndi ili.

Ilaz adadya buledi Lachisanu. Adamugwira Lolemba. Pakati pake padali masiku awiri. Loweruka nditaweruka kusukulu ndidapita kupositi, adandiuza kuti makalata a Lachiwiri adapita kale. Pobwerera ndidadutsa pa mzikiti. Adali pabwalo akupala thabwa, akuimba. Adandipatsa moni nati, "Aphunzitsi, tsopano ndinu alamu anga, zilembo zotsala mundiphunzitsa ulere." Mawu anayi akadakwana: kataye mfuti ija mumtsinje. Akadapanda kuipeza mwina akadamumenya makofi awiri nkumusiya.

Ndidamuyankha moni, ndidapitirira.

Chifukwa chake chili pa zenera la kukhitchini. Pa 27 Januwale, ndikupukuta fumbi, chala changa chidakhudza zilembo zogobedwa kunsi kwa thabwa, pobisika. Zilembo zimene ndidamuphunzitsa ine, zinayi zinayi, pakhomo, ndikumupatsa chikhothi. Dzina loyamba limene adalemba nazo popanda womuthandiza silidali langa.

8

Tsopano ndi Febuluwale wa 1999. Zakwana zaka makumi anayi. Dera lathu lasintha: minda idasanduka nyumba zosanja, adzukulu a amuna khumi ndi anayi aja Chialubaniya amangodziwa mawu otukwana ndi mayina a zakudya. Mnyamata wa lero ukamuuza za khofi wa pansi pa bondo amayesa nthabwala. Koma akamalemba mbiri ya Aarnauti a mu Damasiko, akulu otsala amatsitsabe mawu pa dzina la Zenun. Ndalemba kuti asiye.

Inu owerenga, sindikupemphani chifundo, ndipo malangizo ndilibe ambiri. Ndidali wochenjera kuposa onse m'nyumba muja. Ndidaona buledi wosanyemedwa, ndidaona mfuti, ndidaona chikhothi panjira ya kumabulosi, ndipo zonsezo ndidaziona molondola. Chomwe sindidaone nchakuti nkhalamba yosadziwa kulemba inkamanga munthu uja dzanja pang'onopang'ono, Lachisanu ndi Lachisanu, ndi buledi wanga womwe. Mukamakayikira munthu, yambani mwafunsa kuti m'kukayikako muli chiyani chanu. Ndipo mukalakwa Lachiwiri, musadikire zaka makumi anayi. Loweruka likadalipo.

Ababa adati ndisanene iwo ali moyo. Zaka 27 zinazo palibe adandiletsa.

Azakhali adapita mu 1980. M'nyumbamu tatsala awiri, ine ndi Lutfije. Zenera lija lidakalipo, adakana kulisintha. Magazini ino, imene ndatumizako nkhaniyi, amaigula ndi iye, ndipo amayamba ndi tsamba lino, akuseka akazi opusa amene amaulula zinsinsi zawo kwa anthu osawadziwa. Sindidasinthe dzina ngakhale limodzi.

Amawerenga akatha mapemphero a masana, pakhonde, magalasi ali pamphuno. Akamaliza amadzuka kukaphika khofi, poti wanga amati ndi madzi otsukira mbale. Ndidzakhala pampando wanga wa masiku onse. Ndikufuna chinthu chimodzi chokha: kuti apite kumanda kwa ababa ndi mtsuko wa madzi. Zina zonse ndidzaziona pa kapu, dzanja limene adzaigwirire ndi kumene idzadzere.

Ikadzera pansi pa bondo, ndidzamwa yonse.